Kope la a Gerevazio Lili Kumanda

Zaka zija ndinkayamba uphunzitsi kuno kumunsi kwa Mphunzi, tchalitchi chino chikadali chofolera udzu, nyimbo inalibe mwini, ana anga. Munthu ankaipeka akupalira mbatata, Loweruka n'kudzaiphunzitsa kwaya pamabenchi ngati mwakhalapowa, ndipo ikakoma inkayenda yokha ndi anthu opita kumaliro mpaka kwa Kaphuka, popanda wofunsa kuti yachokera kwa yani. Malemu amuna anga, a Gerevazio, amene ena mwa inu munawapeza akuimbitsa kwaya ino, ankati kulemba dzina pansi pa nyimbo ya Mulungu n'kudzikweza, choncho mapepala amene ankagawira oimba analibe dzina. Dzina ndi tsiku ankalemba m'kope lawo limodzi lokha lachikuto chakuda, pakuti anali mphunzitsi, ndipo mphunzitsi salemba kanthu popanda deti.

Nyimbo mwangomaliza kuyesererayi, ya "Chifunga chikachoka tidzaonana," a Gerevazio anaipeka pamene mwana wathu woyamba, Luka, anamwalira ali wakhanda, nyengo yozizira. Sanandiuze kuti akupeka kanthu. Ndinaimvera m'tchalitchi pamodzi ndi anthu onse, ndipo ndinatuluka panja isanathe.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, a Gerevazio atatisiya kale, mwana wanga Rozina anabwera kuchokera ku Linthipe kumene amagulitsa kabichi, n'kundipatsa foni kuti ndimvere. Inali nyimbo yomweyo, yokometseredwa ndi magitala, woimba ali bambo wina wa ku Lilongwe, ndipo pansi pake analembapo kuti ndi nyimbo ya makolo, iye wangoikonza. Sindinafune kanthu kena, ana anga. Ndinangofuna kuti dzina la amuna anga lilembedwe pamenepo, chifukwa nyimbo ija si ya makolo, ndi ya mwana amene ndinamubereka ine.

Tinapita ku ofesi yoona za umwini wa nyimbo, ndipo mayi amene anatilandira anatifotokozera mofatsa kuti masiku ano lamulo limati nyimbo ndi ya woipeka kuyambira tsiku limene waipeka, ngakhale sanakailembetse, ndipo akamwalira imatsalira abale ake kwa zaka zambiri, dzina lake n'kumatchulidwabe. Koma nyimbo ya makolo, imene woipeka sadziwika, ndi ya fuko lonse. Kenaka anafunsa ngati pali pamene malemuwo analemba ndi dzanja lawo. Rozina anandiyang'ana.

"Kope lilipo," ndinatero ine, "koma lili kumanda."

Inu simukudziwa mwambo wa kwaya yathu yakale. Woimbitsa akamwalira, kope lake limaikidwa pachifuwa, kuti akafike ali ndi zipangizo za ntchito yake. Ndinaliika ndi manja angawa, palibe anandikakamiza, ndipo ine amene ndinaphunzitsa ana zaka zonse zija kusunga makope, sindinaganize zokopera ngakhale tsamba limodzi.

Alamu anga atamva anati tikapemphe chilolezo chofukula. Ndinawayankha kuti munthu wagona, timudzutse chifukwa cha dzina limene mwini wake ankalibisa? Nkhaniyo inathera pomwepo. M'malo mwake tinasonkhanitsa amayi atatu otsala a kwaya yakale kuti apereke umboni wolemba, ndipo a Nachisale, amene maso awo saonanso bwino, anati, "Lembani kuti ine ndi amene ndinkalakwitsa ndime yachiwiri, aphunzitsi n'kumandigogodera benchi. Nyimbo ya makolo angandikalipire ndani?" Tinaseka tonse, ndipo anadinda chala.

Patapita miyezi chiperekereni umboniwo ku ofesi ija, woimba uja anabwera yekha kunyumba masana, n'kukana mpando, kukhala pansi. Sanali wakuba, ana anga, ndipo musadzamunene choncho. Anati nyimboyo anaiphunzira kwa mayi ake amene ankaiimba pamaliro, ndipo anakula akudziwa kuti ndi yakalekale. Nditamuuza za Luka anapempha kuti ndimulembere dzina la amuna anga papepala kuti asalakwitse kalembedwe. Lero mukaitsegula pafoni mulipeza dzinalo. Koma zimene anthu anatumizirana kale, zimene zikulira m'maminibasi ndi m'magolosale, zinapita choncho, ndipo mayi wa ku ofesi uja anatiuza poyera kuti zimenezo kuzibweza n'kovuta. Kale nyimbo inkatha chaka kuti ifike kwa Kaphuka. Lero kukamacha yafika kutsidya kwa nyanja, ndipo ikanyamuka yopanda dzina imakafika yopanda dzina.

Ndaona kuti ena mwa inu mwayamba kupeka, iwe Monika ndi anzako kumbuyoko, ndipo mukuchita manyazi omwe aja. Kudzichepetsa n'kwabwino, sindikukuletsani. Koma lembani dzina ndi tsiku pa pepala lililonse, mulijambule pafoni, lina musungitse kwa mnzanu, ndipo mukapeza mpata kalembetseni. Mulungu amadziwa kale woipeka. Dzinalo n'la ife otsala, amene timaiwala. Ndipo tsiku langa likadzafika, mudzandiike ndi korona yokha m'manja. Mapepala onse adzatsale kunja kuno.