Bambo Zbořil ndi liwu lakuti hospoda

Anamfedwa ndi nonse amene mwadzatikhuza, malemu Bambo Lumír Zbořil anabadwa pa 9 Malichi 1941 m'mudzi uno, m'banja la alimi a mbatatesi. Sukulu anayambira pompano, napitiriza ku Třebíč, ndipo mu 1964 anamaliza maphunziro a chilankhulo ku Brno. Chaka chotsatira anakwatira alongo anga, Mayi Drahomíra.

Ntchito yawo inali yophunzitsa Chicheki, koma mtima wawo unali pa liwu limodzi, hospoda, kuja timamwera mowa. Ankati kalekale makolo athu ankatchulira liwuli mbuye wa pakhomo, wolandira alendo, kenako dzina linachoka pa munthu n'kutsalira pa nyumba yake. Ankati liwuli ndi pachibale ndi Hospodin, dzina limene timaitanira Mulungu m'tchalitchi muno, ndipo chinkawaseketsa n'chakuti liwu lotchulira bambo mwininyumba lili m'gulu la mayina achikazi. Amene anadutsa m'manja mwawo akukumbukira: ukamapitako umati do hospody, ukakhala m'katimo umati v hospodě.

Kuyambira mu 1972 ankayenda m'nyumba zamowa za m'midzi, kumvetsera momwe okalamba amapindira mchira wa liwuli. Koma masiku amenewo munthu wongogwira kapu imodzi, maso ali pa milomo ya anzake, ankakayikitsa ngati kazitape wa boma. Mu Novembala 1978 apolisi achinsinsi anadzatenga Bambo Vendelín Kocman, ogulitsa mowa kuno, chifukwa cha nthabwala yonyoza boma. Tsiku la nthabwalayo malemu analipo. Kuchokera pamenepo, akangolowa, anthu ankakodolana: "Tsekani pakamwa, khutu lija lafika!" Iwo ankangoti, "Abale inu, ine ndimamvera mathero a mawu, nkhani zanu ndilibe nazo ntchito." Palibe anawakhulupirira. Mawindo awo anagendedwa, ana awo anasowa osewera nawo.

Boma lija litagwa mu 1989, Bambo Kocman anali atatisiya kale. Bambo Zbořil anaimirira pamsonkhano wa mudzi, napempha kuti amene anapereka mnzathu uja adziulule. Palibe amene anadziulula. Patebulo la nthabwala lija panali amuna enanso, ndipo ena a iwo ndikuwaona pano, avala zakuda.

Malemu anayamba kudwala mapapo mu Januwale chaka chino, natisiya Lachiwiri pa 14 Meyi 2019, ali ndi zaka 78.

Asiya mayi a kunyumba, ana awiri, Radim ndi Blanka, ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza anamwino, ansembe, oimba, komanso mdzukulu wa Bambo Kocman amene wanyamula nawo bokosi osapemphedwa. Palinso nkhata yaikulu ya maluwa imene yafika m'mawa yopanda dzina, yongolembedwa kuti "Undikhululukire". Mayi Drahomíra akuti nkhata imeneyi siikidwa pamanda pokhapokha mwini wake adzaiike yekha, tonse tikuona. Tidikirako pang'ono.

Mzimu wa Bambo Zbořil uuse mumtendere.