Mulungu Anakana Kundiumitsa Maso

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Amayi kumbuyoko, mukundimva? Chabwino.

Ine ndine Matiyasi, telala wa ku merikadu, kumsika kuja, ndimakhala konkuno ku Lulimile. Ambiri mumandidziwa ndi dzina lina lija, a Mvula. Musawerame, ndikudziwa kuti mumanditchula choncho! Lero ndikuuzeni mmene dzinali linalekera kundiwawa.

Ine, abale, ndinabadwa ndi misozi yapafupi. Thupi lonseli, ndevu zonsezi, koma munthu akangolira pafupi nane, misozi ili kale lengelenge. Pa ukwati wanga ndinalira ndine, mkwatibwi ali phee. Afunseni, ali apowa.

Nkhondo itakula, misewu inatsekeka. Galimoto zinkayenda pa koluna basi, zitandondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Abusa athu anali atapita kunyanja kukayendera mipingo, njira yobwerera n'kuwatsekekera komweko. Ife tinatsala tokha. Ndipo anthu ankafa, abale. Ankafa! Othawa nkhondo anadzaza mu Lichinga muno, njala uku, chikuku uku, kuzizira kwathuku nakonso osawamvera chisoni.

Akulu a mpingo anagawa ntchito. A Filipo, mkulu wathu, anandiika m'manja buku la mapemphero a maliro.

"Matiyasi, iwe umawerenga bwino, mawu ako amamveka patali. Maliro ndi ako."

"Ine, bambo? Mwaiwala maso angawa?"

"Sitinaiwale. Tenga bukulo."

Maliro oyamba ndinaima bwinobwino pamanda, jekete nditasita. Mzere woyamba ndinawerenga. Wachiwiri, zilembo zinayamba kusambira. Ndinalira, abale, mpaka mamina. Anamfedwa analeka kulira n'kumandiyang'ana ine. A Filipo anandilanda buku n'kumaliza okha. Maliro achiwiri, chimodzimodzi. Ku merikadu anayamba kuuzana kuti, "Ngati akukapemphera ndi a Matiyasi, nyamulani ambulera." Dzina la Mvula linabadwira pomwepo.

Mukuseka, sekani, lero nanenso ndikuseka. Koma nthawi imeneyo zinkandiwawa. Ndinkadziona ngati ndikunyozetsa ntchito ya Mulungu. Munthu wotumidwa kukatonthoza, iye n'kumafuna womutonthoza? Ndinkagwada n'kupempha chinthu chimodzi chokha: "Ambuye, umitsani maso anga." Osauma. Ndinasala kudya. Osauma! Ndikamva kuti kwagwa maliro, ndinkadzitsekera m'nyumba n'kuuza akazi anga kuti anene kuti ndachoka.

Tsiku lina m'mawa ndinati basi, zakwana. Ndinakulunga buku lija m'kansalu kuti ndikalibweze. Ndikutsegula chitseko, ndinapeza pakhomo paima Che Amidu, Msilamu wa ku Assumane wogulitsa nsomba zouma, amene ndinkawasokera mikanjo.

"A telala, kuseri kwa nyumba yanga ndikusunga mayi wothawa nkhondo. Mwana wake watisiya m'mamawa uno. Alibe mbale, alibe aliyense. Manda takumba ife, koma mayiyo ndi Mkhristu. Pemphero likhale la kwanu."

"Che Amidu, pitani kwa wina."

"Kwa yani? A Filipo anu ali gone ndi malungo. Anditumiza kuno ndi iwowo."

Ndinasowa pothawira. Buku lili kale m'khwapa, munthu ali pakhomo. Ndinawatsatira. Njira yonse ndinkanong'ona, "Ambuye, lero lokha. Pamaso pa Asilamu musandichititse manyazi. Lero lokha, umitsani maso anga."

Titafika, ndinaona chimene sindinachionepo chibadwire: maliro opanda mfuu. Zii! Amuna angapo ataima cha apo ndi makasu awo. Mwana atakulungidwa mu mphasa, poti matabwa kunalibe. Mayi wake, dzina lake Joana, atakhala pansi, akungoyang'ana khoma, maso ali gwa. Ndinamufunsa dzina la mwana. Anati, "Tereza," ngati akutchula mwana wa munthu wina.

Ndinatsegula buku. Ndinayamba bwino, mumtima n'kuti lero Mulungu wandimvera. Ndiye ndinayang'ana pansi. Mphasa inali yaifupi, timapazi ta mwana tinali kunja, tong'aluka ndi ulendo.

Abale, zinathera pomwepo. Ndinalira kuposa masiku onse. Ndinalira mokweza, mumtima ndikukangana ndi Mulungu: "Ndinakupemphani chiyani ine? Ndinakupemphani chiyani?"

Kenaka ndinamva mfuu imene sinali yanga. Joana anali atadzigwetsa pa mphasa paja. "Tereza wanga ine! Tereza!" Ndiye anayamba kuitana mayina ena amene ife sitinkawadziwa. "Paulo! Anjelo! Abambo awo a anawa, mwandisiyira yani ine!" Akazi a Che Amidu anatuluka m'nyumba n'kumugwira, nawonso akulira. Amayi oyandikana nawo anabwera akuthamanga. Pakhomo paja panasanduka pamaliro enieni.

Ine ndinangoima, osadziwa chochita. Che Amidu anandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Pitirizani, a telala. Tikumva ndithu." Ndinapukuta maso ndi mkono wa jekete, ndinawerenga mzere, ndinalira, ndinawerenga wina. Mawu akunjenjemera choncho, ndinafika pa Amen. Koyamba, abale! Ndinafika pa Amen ndekha!

Titabwerako kumanda, Joana anandiitana.

"Achimwene, kutchire tinkabisala. Ukalira, ankhondo akumva, mufa nonse. Amuna anga ndinawakwirira nditaluma nsalu. Ana awiri aja, nditaluma nsalu. Ndinafika kuno kulira kutandithera, ndimayesa ndasanduka mwala. Lero ndaona munthu wosamudziwa Tereza akumulira, m'chifuwa muno mwatseguka. Onse anayi ndawalira lero."

Ndinabwerera kunyumba ndili wopepuka ngati ndatula thumba la chimanga. Ine ndinkapempha Mulungu kuti andichotsere chinthu chimene Iye ankachifuna. Akanandimvera, mayi uja akanamuika mwana wake wotsiriza ali chete. Ndikuthokoza Mulungu amene anandikaniza. Aleluya!

Lero mfuti zaleka, misewu yatseguka. Abusa anabwerako, ndinawapititsira buku lawo, anandibwezera. Joana ali nafe mu mpingo uno, amalima mbatata ndi nyemba, ndipo pa maliro alionse amayamba kufika ndi iyeyo. Ine ndikusokabe ku merikadu. Kulira sindinaleke, ndipo sindipemphanso kuti ndileke. Ndimangosoka mipango iwiri pa zidutswa zotsala, wina wanga, wina wa amene waima pafupi nane.

Mbale wanga, mlongo wanga, ngati Mulungu wakupatsa ntchito ndipo ukudziona kuti sukwanira, pita nazo zomwezo zimene ukuchita nazo manyazi. Iye anaziona kale asanakuitane.

Ndipo mukamva kuti kwinakwake kwamwalira munthu wopanda womulira, musavutike kufunsa dzina langa lenileni. Mungoti, "Kaitaneni a Mvula." Ndibwera.

Ambuye alemekezeke. Amen.