Khirisimasi ya Kalino ndi Margarida

Lachisanu, pa 5 Disembala 1958

Takulonjerani nonse a m'mapulazi, inu amene mwaunjirira kawailesi kamodzi ngati nkhuku pa madeya. Sunthaniko pang'ono, wam'mbuyo naye amve. Nazi zilengezo zanu.

A Tickey Mbewe, folomani wa pa pulazi ya Mandevu ku Macheke, m'dziko la Southern Rhodesia, akudziwitsa abale ndi abwenzi a m'mapulazi oyandikana kuti pa Khirisimasi padzakhala dansi pa komboni, ndipo ng'ombe mzungu walonjeza kale. Akuti mwamuna aliyense abwere ndi mkazi wake atamuveka diresi latsopano la kusitolo. Wolephera adzitsekere m'nyumba, asadzachititse anzake manyazi. Chilengezochi chachokera kwa a Tickey Mbewe, ku Macheke.

Pa pulazi yomweyo, a Kalino Phiri, a m'mudzi mwa Chimkwita ku Dedza, amene amasonkha moto m'mabalani owotchera fodya, akufunafuna mkazi wawo, mayi Margarida. Mayiwa ndi aafupi, oyererako, a mpata kumano, ndipo ndi oyembekezera, otopa kale. Anadzawatenga ndi mlongo wawo, a Sebastiao, pa 23 Novembala, amvekere mayi awo adwala, koma mpaka lero kuli zii. A Kalino akuti sanayambane, ndipo akuwakumbutsa kuti tsiku lawo lija layandikira. Apa bambowa alemba zambiri, ine ndingodula. Awiriwa ku dansi sapita. Chaka ndi chaka pa Khirisimasi, anzawo akamavina, iwo amakwera pa mwala wa kuseri kwa damu, pamene anafunsirana, atatenga tiyi wa m'botolo ndi masuku, amene kumeneko mumati mazhanje. Amacheza mpaka dzuwa kupendeka, basi chikondwerero chatha. Pa komboni amawaseka kuti ndi kuumira, koma a Kalino akuti chaka chonse amadikira tsiku limenelo. Chilengezochi chachokera kwa a Kalino Phiri, ku Macheke.

Lachisanu, pa 12 Disembala

A Sebastiao Zeferino, ochokera ku Furankungu m'dziko la Apwitikizi, amene ali pa pulazi ya Kamfodya ku Concession, akudziwitsa onse kuti mlongo wawo Margarida sanasowe, ali m'manja mwa abale ake. Mawu awo ndi awa, ndipo si anga: "Zaka zinayi munthu akukhala ndi mlongo wathu mapoto, ukwati wongolowana, popanda nkhoswe, popanda ngakhale nkhuku. Akadwala tikauze yani? Pa Khirisimasi akazi anzake amatchena, iye kumakamudyetsa masuku pamwala ngati nyani." Choncho akuitana a Kalino kuti afike ku Concession pa 25 Disembala ndi nkhoswe yawo, mbuzi imodzi ndi diresi, ukwati umangidwe anthu akuona. Akalephera, aiwale za mkaziyo ndi za mwana akubwerayo. Chilengezochi chachokera kwa a Sebastiao Zeferino, ku Concession.

A Kalino Phiri aja akupempha aliyense wa m'mudzi mwa Chimkwita, kaya kwa Kabango, kaya ali ku Macheke, ku Marondera, kapena kumigodi, kuti adzawaimire ngati nkhoswe. Kumudzi anachokako nkhondo itangotha, malume awo anamwalira, ndipo kuno alibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Utchona ndi umenewutu, anthuni, umakoma uli bwino. A ku Dedza, mwamva, mutu umodzi susenza denga. Chilengezochi chachokera kwa a Kalino Phiri, ku Macheke.

Lachisanu, pa 19 Disembala

Ichi chachokera kwa mwini nkhani. Mayi Margarida, kudzera mwa mnzawo wa kutchalitchi mayi Emilia amene awalembera, akudziwitsa amuna awo motere: "A Phiri, diresi sindikulifuna, ndi mimba iyi lilowa pati? Mbuzi musavutike nayo. Bwerani chimanjamanja, mungokwera basi. Achimwene adzakalipa, akatopa adzaleka. Kunonso mwala ulipo, mazhanje ndatola kale, tiyi ndidzaphika ndine. Koma musachedwe, miyendo yatupa ndipo mutu sukundipatsa mpata. Ndikuopa." A Kalino, ine ndawerenga zilengezo zambiri pampando uno, koma mkazi wokana diresi ndamumva lero. Musamuphonye ameneyo. Chilengezochi chachokera kwa mayi Margarida, ku Concession.

Lachisanu, pa 2 Januwale 1959

Chaka chabwino kwa amene mwachiona.

A Estevao Banda, a pa sitolo ya m'mbali mwa msewu kufupi ndi Marondera, akudziwitsa onse kuti akusunga mbuzi yaikazi yakuda, ya chingwe cha khonje m'khosi, pamodzi ndi kamtolo momwe muli diresi lachikasu losavalidwapo. Mwini wake ndi bambo wochokera ku Macheke amene ankapita ku Concession pa 24 Disembala. Basi itamukana chifukwa cha mbuziyo, anauyamba wapansi, ndipo apolisi atamuimitsa anapeza kuti chitupa chake bwana wake sanasaine, poti ndi nyengo yothyola fodya. Pomukweza galimoto ya apolisi ankangoti, "Mkazi wanga akundidikira, ndisiyeni ndikangomuona, mudzandimange pobwera." A Banda akuti mwini wake akatuluka adzatenge msanga, chifukwa mbuziyo yawathera ndiwo m'dimba. Chilengezochi chachokera kwa a Estevao Banda, ku Marondera.

Tsopano za maliro. Amene muli ndi zipewa, vulani.

A Sebastiao Zeferino akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Furankungu, ku Tete, ku Macheke ndi m'mapulazi onse a Mazowe kuti mlongo wawo Margarida anamwalira pa 27 Disembala pobereka, ndipo khanda nalo silinalire. Akuti tsiku la Khirisimasi malemu anakhala pamsewu kuyambira m'mawa, botolo la tiyi lili pambali, kuyang'ana basi iliyonse mpaka mvula inawathamangitsa, koma munthu uja sanaoneke. Mwambo wa maliro unachitika pa 28 pa manda a pa pulazi ya Kamfodya. Malemu asiya mayi awo, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo. Malemu anali osakwatiwa. Ndawerenga monga momwe alembera, koma mtima wanga wawawa. Chilengezochi chachokera kwa a Sebastiao Zeferino ndi banja lonse, ku Concession.

Lachisanu, pa 23 Januwale

Lero ndili ndi chimodzi chokha chochokera ku Southern Rhodesia, ndipo sindidulapo.

A Kalino Phiri akudziwitsa onse kuti atuluka m'ndende. Ntchito ku Macheke yawathera. Uthenga wa mkazi wawo woti abwere chimanjamanja anaumva, koma nkhoswe itasowa anachita manyazi kukaima pamaso pa alamu awo opanda kanthu, nayesa kuti mbuzi ikawalankhulira. Akuti akanamvera, bwenzi atafika tsiku lomwelo.

Atafika ku Concession anapeza a Sebastiao ndi banja lonse atasamuka, osatsanzika, osanena komwe alowera. Akuluakulu a pa komboni anawauza kuti, "Pepani bambo, kumanda salowa mlendo popanda eni maliro, ndipo inu palibe nkhoswe yokudziwani." Mitumbira ya kumeneko ilibe mayina, ndipo ndi mvula ino udzu wayamba kale kuphimba.

Choncho akupempha adzukulu amene anakumba mandawo, kapena mayi Emilia, kapena aliyense amene anaperekeza nawo, kuti awachitire chifundo. Sakufuna mlandu ndi munthu, sakufuna katundu. Akufuna wina angoima nawo kunja kwa manda, aloze ndi chala kuti ndi apo. Amapezeka tsiku lililonse pamene pamaima basi ku Concession, avala malaya akhaki ong'ambika paphewa.

Chilengezochi chachokera kwa a Kalino Phiri, mwamuna wa malemu Margarida.