Bolodi Yachitatu

"Sinafe. Ikuganiza."

"Ikuganiza kababu kali chizimire?"

Anali injiniya ndi mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, m'kachipinda kawo kokonzera zamagetsi. Kuseri kwa khoma makina awo atsopano ankafungatira mazira a kasitomala wawo woyamba, pomwe pathebulo panali mabolodi awiri apadera oyendetsera makinawo. Imodzi inali itangozima.

"Tamverani, alamu," anatero injiniya akuloza kachipu, kachipangizo kakuda kamene kanali pakati pa bolodi. "Aka kali ndi legyuleta mkati, yokapimira magetsi kuti kasapse. Ndiyo imakatenthetsa. Ndangokauza kaizimitse, kazidalira yakunja."

Mlamu anatembenuza bolodi ija. "Yakunja iti? Pano pali malo ake okha. Munati tisaike, yamkati ikukwana."

"Imeneyo inali nzeru ya mwezi watha."

"Ndiye kauzeni kayatsenso yamkatiyo."

"Kuti kamve, kayambe kadzuka."

"Kadzutseni."

"Kadzuka ndi magetsi ati?"

"Aa! Ndiye mwakatsekera m'nyumba, kiyi n'kumusiya mkati momwemo?"

"Zikomo, apulofesa. Pulogalamu yanga ilibe vuto, bolodiyi inabwera yodwala kale. Patseni inayo."

Mlamu anapereka ndi manja awiri. Injiniya analumikiza waya, nadina palaputopu. Kababu kanaphethira kamodzi, kenako zii.

"Nayonso yayamba kuganiza," anatero mlamu.

"Zonsezi ndi za m'katoni imodzi! Bwerani ndi bolodi yomwe tikudziwa kuti ikugwira ntchito, muone."

"Iliyonse?"

"Ayi, yamaluwamaluwa. Iliyonse, alamu!"

"Koma yomwe ikugwira..."

"Inu, mlangizi ndinalemba kale. Ndi akulu anu, ali kunyumba."

Mlamu anatenga sikuludiraiva n'kutuluka. Pobwera anali ndi bolodi m'manja, naiika bwinobwino pamaso pa injiniya.

"Mwaona? Nkhope yokha ikuchita kuoneka kuti ndi yathanzi," anatero injiniya, nadina.

Kababu kanaphethira. Zii.

Injiniya anakanda kumutu, nayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu.

"Chabwino. Tinene kuti sayansi yaphunzirapo kanthu."

"Yaphunzira katatu."

"Osadandaula. Ziwiri... zitatu izi tizitumiza kwa odziwa kuziukitsa. Bola ya m'makina muja sindinaikhudze. Mazira aswa, kasitomala asangalala, nkhaniyi ithera m'chipinda muno. Koma iyi munaipeza kuti? Ikumveka yofundirira."

"Munati yomwe tikudziwa kuti ikugwira ntchito. Ine ndimadziwa imodzi yokha."

Apa m'pamene injiniya anazindikira kuti kafani ka m'makina a mazira kamene kamalira kuseri kwa khoma usana ndi usiku sikakumvekanso. Anaika bolodi ija pansi pang'onopang'ono, ngati ingasweke.

Mlamu anapukuta manja pasiketi.

"Nanga mazira aja, akhalire ndani, inu kapena ine?"