Bambo Tao ndi Chitseko cha pa Ngalande

Malemu bambo Quach Van Tao anabadwa pa 9 Malichi 1958 konkuno ku Gia Rai. Sukulu analekezera kalasi yachinayi chifukwa cha nkhondo. Mu 1981 anamanga banja ndi mayi Lam Thi Nhan, nakhazikika pa munda wa mpunga wa makolo awo.

Mu 1999, madzi a m'nyanja atayamba kukwera m'ngalande n'kumawotcha mpunga, alimi anawasankha kuti aziyang'anira chitseko chotchinga madzi amcherewo. Ndiwo anatsogolera anzawo kumata ming'alu ya ngalande, kukumba maiwe osungira madzi a mvula, ndiponso kuthirira mosinthana, kuti munda uziyamba waumako usanalandirenso madzi.

Koma ntchitoyi inawaika pakati pa ana awo awiri, omwe ankadalira ngalande imodzi. Mwana wawo wamwamuna, a Khiem, anasiya mpunga n'kuyamba kuweta nkhanu, zomwe zimafuna madzi amchere. Wamkazi, a Diep, anakakamira mpunga. Malemu akatsegula chitseko, mpunga wa a Diep unkafiira. Akatseka, nkhanu za a Khiem zinkafa.

Pa chilala cha 2016 anatseka kwa miyezi yambiri, ndipo a Khiem anataya nkhanu zonse. Kuchokera apo sanapondenso pakhomo pa bambo awo, ngakhale pa chaka chatsopano. Malemu anapempha kangapo kuti atule pansi udindo, koma aliyense ankaopa kuusenza. Mayi Nhan ankawachonderera kuti, "Bambo a Khiem, tiyeni kwa achemwali anga ku Can Tho mukapumeko." Iwo ankayankha kuti, "Ndichoke, mawa ana akowa agwirane pakhosi? Bola azida ine."

Pa 2 Epulo 2024 anagwa ali pa chitsekopo, nafa ziwalo mbali imodzi. Amene anawanyamula n'kupalasa bwato mpaka kuchipatala anali a Khiem. Njira yonse ankawaitana, koma malemu anali atasiya kale kuyankhula. Anatisiya pa 6 Epulo, ali ndi zaka 66.

Asiya mkazi, ana awiri ndi zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza anamwino, amonke a kukachisi, komanso alimi a mpunga ndi a nkhanu omwe akumbira limodzi manda lero.

Bambo Tao, pano palibenso wokudandaulirani. Usani mumtendere.