Mayi Kondakitala ndi Basi Yawo Yopanda Mateyala

Anamfedwa, akulu a mpingo, aphunzitsi anzanga ndi inu ana a sukulu, amene tikuwaperekeza lero ndi mphunzitsi wa sitandade sikisi. Dzina lawo la ubatizo mwaliwerenga pamtandapo, koma tonse tinkawadziwa kuti Mayi Kondakitala. Anabadwa mu 1969 m'mudzi wa kwawo kwa bambo awo, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri.

Sukulu anayambira komweko. Ali sitandade faifi, kalasi lawo linakonza ulendo wokaona fakitale ya m'tauni. Basi inadzaza, ndipo aphunzitsi anatsitsa ana amene analibe nsapato. Malemuwa anatsala pageti, fumbi la basi likuwathira m'maso. Nkhaniyi ankaikamba akuseka, koma sinawachoke mumtima.

Atamaliza sekondale ndi kosi ya uphunzitsi, anayamba ntchito mu 1992. Patapita zaka zitatu anamanga banja ndi bambo athuwa, amene ndi telala. Ku mpingo anali a kwaya, ndipo amene ankachedwa ku pulakatisi amalidziwa bwino diso lawo.

Dzina la Kondakitala linabwera chonchi. Bungwe lina linapereka ku sukulu yathu makina oonetsera zithunzi pakhoma. Malemuwa anaphunzira okha kuwalumikiza ku intaneti, n'kupeza kuti mwana akhoza kuyenda m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kulowa pansi pa nyanja yamchere, ngakhale kusuzumira m'phiri lotulutsa moto, ali khale pabenchi. Lachisanu lililonse ankandanda mabenchi ngati mipando ya basi, n'kutchinga mawindo ndi nsalu zimene bambo anasoka. Ankaima pakhomo ndi matikiti odula ku makope akale, akukuwa kuti, “Kwerani, kwerani, palibe wotsala!” Ine wa kalasi loyandikana nalo masamu anga ankavuta, chifukwa ana anga mitima inali kuseri kwa khoma. Ana amene ankajomba mlungu wonse, Lachisanu ankafika m'mamawa atasamba.

Tsono pano ndipempha mundikhululukire, chifukwa mbiri yonama sindiwerenga. Vuto linayamba ndi mawu amodzi okha. Pa ndondomeko yawo ya ntchito malemuwa analemba kuti “ulendo”. Woyendera sukulu ataona, anati ulendo uliwonse wa ana umafuna chilolezo cha ku ofesi ya maphunziro, kuvomera kwa makolo, bokosi la mankhwala ndiponso nambala ya galimoto. Malemuwa anapita ku ofesiko kukafotokoza kuti basiyo ilibe mateyala, ana satuluka m'kalasi. Kumeneko anawayankha kuti ngati ana satuluka, ndiye kuti si ulendo koma kanema, ndipo kanema saloledwa nthawi ya maphunziro. Akati ulendo, ankafunsidwa dalaivala. Akati kanema, ankauzidwa kuti ndi woletsedwa. Aphunzitsi aakulu, poopa mlandu, anatsekera makinawo m'kabati ya mu ofesi mwawo kufikira nkhaniyo itaunikidwa.

Kuunikako kunatenga zaka. Malemuwa anatha nsapato panjira ya ku ofesi. Lero bwana ali kumsonkhano, mawa bwana wasamutsidwa, mkuja watsopano sanaione nkhaniyo. Wina anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anayankha kuti nkhono imeneyo aidikira mpaka imvi, mwina ilibe n'maso omwe. Makina anachita fumbi pakati pa mabokosi a choko ndi mipira yophulika, ana akudutsa pawindo n'kumawasuzumira.

Koma basi sinaime. Ankagwiritsa ntchito foni yawo, ija ya galasi losweka pakona, kuiyendetsa benchi ndi benchi m'kalasi lodzaza mpaka pakhomo. Belu likamalira, a kumbuyo anali asanaone kanthu. Izi n'zimene zinkawapweteka kwambiri, chifukwa amene anatsala pageti tsiku lija anayamba kusiya ana ena pageti. Anawalonjeza a kumbuyowo kuti makina akadzatuluka, adzakhala kutsogolo pa ulendo wokaona anamgumi.

Chaka chatha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anayamba kuwafooketsa. Ankabwerabe ku ntchito miyendo itatupa. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala. Titapita kukawazonda, sanatifunse za kwaya kapena za kunyumba. Anafunsa ngati kiyi wa kabati watuluka. Kiyiyo anali asanatuluke. Anatisiya Lachitatu masana.

Abale anga, kiyi uja anatuluka dzulo. Sipanafunike chilolezo, bokosi la mankhwala kapena nambala ya galimoto. Makina amene mwawaona m'tenti muja akuonetsa nkhope ya malemu pansalu ndi omwewo, ndipo nsaluyo ndi imodzi mwa zija ankatchingira mawindo. Akugwira ntchito bwinobwino. Zandiwawa, ndipo ndanena. Kabati imene inakana kutsegukira munthu wamoyo yatsegukira chithunzi chake.

Choncho pempho lathu kwa akuluakulu amene mwakhala pamipando yakutsogoloyi ndi limodzi. Makinawa asabwerere m'kabati. Muutche ulendo kapena kanema, dzina musankhe nokha. Lachisanu likubwerali ine ndidzandanda mabenchi, ndipo ana a kumbuyo, amene aimirira apowo atagwira matikiti awo, adzakhala kutsogolo.

Malemuwa asiya mwamuna wawo, ana aakazi awiri, mwana wamwamuna mmodzi, adzukulu anayi, achemwali awo awiri ndi mlongo wawo mmodzi. Asiyanso kalasi limene likudikirabe kuona anamgumi.

Mayi Kondakitala, basi ya lero mwakwera nokha, tonse tatsala pageti. Apumule mu mtendere.