Katundu Amene a Zulu Anakana Kunyamula

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi mwakhala kutsogolo kuno, ndi inu a kumbuyoko amene mwayamba kale kuseka ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndaona ena akusuzumira pa wotchi. Musade nkhawa, lero sindikamba za ulendo wanga wa ku migodi uja.

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga. Ine kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti munthu ndi thumba la chimanga. Ndili ndi mphamvu ndinkagwira ganyu pa depoti, ntchito yanga inali yobaya matumba. Umatenga chitsulo chosongoka chokhala ndi mphako, kubaya pamimba pa thumba, chimanga n'kugwera m'manja. Ukawerenga anankafumbwe m'chikhatho, wadziwa zonse. Akakhala awiri kapena atatu, thumba lili moyo. Akangoti nyakanyaka, ndinkati, "Ili silifika Khirisimasi." Ndipo silinkafikadi. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pa matumba sindinalakwepo. Ndiye ndinkati matenda nawonso ndi chimodzimodzi: werengani tizilombo, mudziwe tsiku la maliro.

Nyengo yozizira ija korona atavuta, maliro akuikidwa mothamanga popanda kugonera, ndinayamba chifuwa titangomaliza kukolola kwathu ku Kasenengwa. Amake Sofiya, akazi anga, awo akhala apowo akuyang'ana pansiwo, anandifukiza masamba a bulugamu masiku awiri. Tsiku lachitatu, kupita kuchimbudzi kokha ndinapumula katatu panjira. Anandikweza galimoto mpaka kuchipatala chachikulu m'tauni muno. Pakhomo la wodi iwo anabwezedwa. Sitinatsanzikane n'komwe.

Kunabwera namwino atavala ngati munthu wokafula njuchi, maso okha akuoneka. Anatenga kamtengo ka thonje kunsonga n'kundilowetsa m'mphuno, kulowetsa, kulowetsa, mpaka ndinamva ngati wandikanda maganizo. Mumtima ndinati, eya, lero wobaya wabayidwa.

Zotsatira zitabwera ndinamuitana. "Asisita, musandibisire. Mwapeza angati?"

"Agogo, sitiwerenga kamodzikamodzi," anatero. "Koma makina akuonetsa kuti tizilombo tachuluka m'mphuno mwanu. Vayirolodi yanu ndi yokwera."

Anapitiriza kulankhula, pakamwa pake pankamveka mawu, koma ine makutu anali atatseka. Ndinamva limodzi lokha: tachuluka. Abale, ndinaona chikhatho changa chitadzaza anankafumbwe. Ndinadziweruza ndekha kuti ili silifika Khirisimasi.

Pa bedi loyandikana ndi langa panagona a Zulu, dalaivala wa basi za ku Lusaka. Munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi chino. Iwo anadwalira kunyumba pafupifupi masabata awiri asanabwere. Pepala lawo linkati tizilombo n'tochepa. Ndinawayamikira. Ndinati, "Dalaivala, inu mwapulumuka. Loweruka mukhala muli pa Great East Road kuliza hutala."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudya. Akati ndigone chafufumimba kuti mapapo atseguke, ndinkati ine si ng'ona. Timapaipi ta mpweya timene anandiika m'mphuno ndinkatichotsa namwino akangotembenuka. Kodi alipo amathira mankhwala m'thumba lofumbwa kale? Kumeneko n'kuwononga mankhwala. Mwaona mmene nzeru za pa depoti zikadandiphera?

Koma panali chinthu chondilemera kuposa chifuwa. Ndinanong'oneza a Zulu. "Mwana wanga, poti inu mutuluka, ndikutumeni. Mukapite ku Kasenengwa, mukafunse amake Sofiya. Mukawauze za mbuzi."

"Mbuzi iti, madala?"

Tsopano mverani, mpingo, abusa aphimbe makutu. Kale, ndisanatembenuke mtima, akazi anga anali ndi mbuzi yaikazi yoyera, imene malemu amayi awo anawapatsa atabadwa Sofiya. Tsiku lina mbuzi ija inasowa. Ndinati yagwidwa ndi fisi. Ndine ndinatsogolera amuna a m'mudzi kukasaka fisiyo, mkondo m'manja, kulozera mapazi amene panalibe. Fisi ameneyo ndi uyu waima patsogolo panu atavala tayi. Ndinakaigulitsa kumsewu, n'kumwera masiku atatu. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikutukwana afisi osalakwa.

A Zulu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapeza mpweya anati, "Madala, ine ndanyamulapo nkhuku, matumba a nshawa, ngakhale bokosi la maliro. Koma mbuzi yakuba sindikweza. Katundu ameneyo mukatula nokha." Kenaka anakweza dzanja. "Asisita, bwerani kuno. Madalawa akufuna kutsika basi isanaime."

Namwino uja anabwera, n'kubwezera timapaipi tija, n'kundipana chala ndi kachipangizo kawo konga nkhanu kamene kamaonetsa mpweya wa m'magazi. Ndinamuuza za matumba anga, za anankafumbwe, zonse. Sanandiseke. Anati, "Agogo, kwanu mumasaka mbewa?"

Ndinati, "Mwana iwe, ukufunsa munthu wa ku Kasenengwa ngati amasaka mbewa?"

"Ndiye mukudziwa. Osaka amayatsa tchire kuti mbewa zituluke. Nthawi zina moto umazima pamene akufuna. Nthawi zina mbewa zatha kale, koma moto ukupitabe, mpaka ukanyambita nkhokwe. Thupi nalonso limayatsa moto kuthamangitsa tizilombo. Kamtengo kaja kamangotiuza kuchuluka kwa mbewa pakhomo la una tsiku limenelo. Sikatiuza kumene moto wafika. Inu mwabwera msanga, n'chifukwa chake tachuluka. Sindikunamizani, pa msinkhu wanu si nkhani yaing'ono, n'chifukwa chake maso athu ali pa inu. Koma si chikalata cha imfa. Ife timayang'ana chala ichi, ndi mmene mukupumira. Idyani phala."

Ndinadya phala, abale. Ndinadya chifukwa cha manyazi, osati chikhulupiriro, zoona zinenedwe. Ndinagona chafufumimba ngati ng'ona yeniyeni. A Zulu akandiona ndikutembenuka ankati, "Madala, mbuzi," ine n'kubwerera pamimba.

Apa ndi pamene mawu anga amachepa. Masiku akupita, nambala ya pa chala changa inayamba kukwera pang'onopang'ono. Ya a Zulu inayamba kutsika. Anawachotsa timapaipi n'kuwaveka chigoba chophimba mphuno ndi kamwa. Anamwino ankathamanga nawo, adokotala ankabwera kawirikawiri, anachita zonse zimene manja a munthu angachite. Ine ndinkangoyang'ana. Munthu wa tizilombo tochepa uja, chifuwa ngati chitseko, akukoka mpweya ngati akutunga madzi m'chitsime chouma. Ine thumba lofumbwa, ndikupempha phala lowonjezera. Ndinkati, Ambuye, kodi mapepala asinthanitsidwa? Sanasinthanitsidwe. Mbewa zinali zitatha, koma moto unali utafika pankhokwe.

M'mawa wina, dzuwa litangolowa pawindo, a Zulu ananditambasulira dzanja. Anakweza chigoba pang'ono. "Madala, manje ndi inu mundinyamulire. Mukatuluka, mukafunse nyumba yanga ku Kapata. Mukauze amake ana kuti sindinali ndekha. Muwauze kuti ndinaseka." Masana a tsiku lomwelo anamwino anakoka makatani kuzungulira bedi lawo. A Zulu anali atatisiya.

Ine amene ndinkawatuma, ndine ndinatumidwa. Nditapeza mphamvu ndinapitadi ku Kapata, ndinakhala pamkeka ndi mayi uja ndi ana ake atatu, n'kutula mawu aja onse, osasiya ngakhale limodzi.

Musamve ngati ndikuti Mulungu anandikonda ine kuposa a Zulu. Ayi. Pa anthu awirife, wakuba mbuzi ndi ndani? Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, yankho ndilibe. Ndimangoima ngati munthu waima m'munsi mwa phiri, khosi litapindikira kumbuyo, nsonga osaiona. Makina aja ndi anzeru, abale, amaona kanthu kamene diso silingaone, ndipo mukadwala pitani msanga akakubayeni m'mphuno, musamachedwe ndi bulugamu. Koma ngakhale makina amalekezera pakhomo. M'kati mwa munthu muli zipinda zimene amalowamo ndi Mwini yekha. Ine ndinabaya matumba zaka zonsezi n'kumadziyesa wodziwa mathero a zinthu. Munthu si thumba. Ndabwereza kuti a kumbuyoko amve: munthu si thumba.

Choncho ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mpweya, mpweya womwewu umene ndinkauwonongera pa bodza. Ndikuthokoza chifukwa cha namwino amene nkhope yake sindinaione mpaka lero, ndingadutsane naye pamsika osamudziwa. Ndikuthokoza chifukwa cha dalaivala amene anakana katundu wanga, pakuti akadavomera, bwenzi ndili m'manda. Mukamapemphera muzikumbukira ana ake. Ndipo ndikupempha mpingo wonse, kondwerani nane pamodzi. Amayi, konzani nthungululu. Thumba lija lafika Khirisimasi, ndipo laona ena angapo pamwamba pake.

Koma dikirani pang'ono, ndaona amayi a kwaya akufunsana ndi maso kuti nanga mbuzi ija. Ndinatula. Tsiku lomwe ndinafika kunyumba, titadya chamadzulo, ndinagwada pansi. Ndinati, "Amake Sofiya, kunalibe fisi." Ndinafotokoza zonse, misozi ikugwa. Iwo anangopitiriza kupukuta mbale. Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Bambo, fisi amene amamasula chingwe, n'kuchikulunga bwinobwino, n'kuchipachika pamsomali, ndinamudziwa m'mawa womwewo. Masiku onse muli kuchipatala ndinkauza Mulungu kuti munthuyo asamutenge, sanamalize kulankhula nane. Dzukani, pansi pakuzizira."